DOKOTALA AMENE ANAKANA KUTI NYUMBA YA MALAMULO ITSEKEDWE

Pakati pa ana a Africa amene anamenyera ufulu wa maiko ao, alipo ena amene maina ao samveka kawirikawiri kuno kumwera, ngakhale kuti nchito zao zinafika mpaka pa khomo pathu. Mmodzi wa iwo ndi a Dr. Abdelkrim El Khatib a ku Morocco, dziko limene liri kumpoto cakumadzulo kwa Africa. Bambo ameneyu anali dokotala wa opaleshoni, anatsogolera asilikali omenyera ufulu, anakhala Nduna ya Boma, ndipo m'caka ca 1963 anasankhidwa kukhala Sipikala woyamba wa Nyumba ya Malamulo ya dziko lao. Maudindo onsewa ndi aakulu, koma cimene tifuna kuti owerenga athu aciganizire lero ndi tsiku limodzi la m'caka ca 1965, pamene Mfumu imene iwo anaitumikira mokhulupirika inafuna kutseka Nyumba ya Malamulo, ndipo iwo anakana kubvomereza. Ife tikuti anacita bwino, ndipo mbiri ya dziko lao yasonyeza kuti anaona patali.

A El Khatib anabadwa m'caka ca 1921 mu mzinda wa El Jadida, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Atate ao anali ocokera ku Algeria, ndipo amai ao anali a m'banja lochuka limene linatumikira mafumu a Morocco. Pa nthawi imeneyo dziko lao linali m'manja mwa atsamunda. Pangano la ku Fez la m'caka ca 1912 linaika mbali yaikulu ya Morocco pansi pa France, pamene cigawo ca kumpoto cinapatsidwa kwa Spain. Mfumu inasiyidwa pa mpando wake, koma mphamvu zonse zinali kwa bwanamkubwa wa Afalansa. Monga zinaliri m'maiko onse olamulidwa ndi atsamunda, mwana wa mwini dziko sanali kuyembekezeka kupita patali ndi sukulu. Anali kufunika monga kalaliki, womasulira, kapena wanchito wa pa munda wa mzungu.

Mnyamata ameneyu anapyola mpanda umenewo. Anaphunzira za udokotala ku Algiers ndi ku Paris, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 anabwerera kwao nayamba nchito ya opaleshoni mu mzinda wa Casablanca. Anthu a ku Morocco amawakumbukira monga mwana woyamba wa dziko lao kugwira nchito imeneyi. Munthu wotere akanatha kukhala mwamtendere, kudya bwino, ndi kulemekezedwa ndi Afalansa omwe. Iwo anasankha njira ina.

MPENI WA M'CIPATALA NDI MFUTI YA M'PHIRI

Casablanca wa masiku amenewo unali mzinda wotentha. Mu Disembala 1952, mtsogoleri wa anchito wa ku Tunisia, a Farhat Hached, ataphedwa, anchito a mu Casablanca ananyanyala nchito nayenda m'miseu, ndipo apolisi ndi asilikali a atsamunda anawaombera. Pa 20 Ogasiti 1953 Afalansa anacotsa Mfumu Mohammed V pa mpando cifukwa inakana kusaina malamulo ao, naipititsa ku Corsica, kenaka ku Madagascar. Anaganiza kuti akacotsa mutu thupi lidzagwa, koma dziko lonse linadzuka. Dokotala wogwira nchito mu mzinda wotere anali kuona ndi maso ake cimene utsamunda umacita pa thupi la munthu. A El Khatib anayamba ndi kuthandiza omenyera ufulu obvulala, ndipo posakhalitsa iwo eni analowa m'gulu lao.

Anakakhala ku Tetouan, m'cigawo colamulidwa ndi Spain, kumene anakhala mmodzi wa atsogoleri akuluakulu a gulu lochedwa Asilikali a Ufulu. Kuciyambi kwa Okutobala 1955 asilikali amenewa anaukira misasa ya Afalansa m'mapiri a Rif. France, imene inali kale pa nkhondo yoopsa ku Algeria kuyambira Novembala 1954, inaona kuti singazime moto uwiri nthawi imodzi. Pa 16 Novembala 1955 Mfumu Mohammed V inabwerera kwao, ndipo pa 2 Malici 1956 Morocco inalandira ufulu wodzilamulira.

Pano pali cinthu coyamba cosonyeza mtima wa munthuyu. Maiko ambiri a mu Africa abvutika cifukwa cakuti amene anagwira mfuti pa nkhondo ya ufulu anakana kuitula ufulu utabwera. A El Khatib anali m'gulu la atsogoleri amene anathandiza kuti zikwi za anyamata a m'mapiri alowe m'gulu lankhondo la dziko limene linakhazikitsidwa mu Meyi 1956. Munthu amene ali ndi asilikali ake, nawapereka kwa Boma la dziko lake, wasonyeza kuti sanali kumenyera mpando.

Komabe ufulu unabwera ndi mikangano yake. Cipani cacikulu ca Istiqlal, cimene mphamvu zake zinali makamaka m'mizinda, cinafuna kuti maudindo a Boma akhale m'manja mwake, ndipo anthu a m'midzi ndi m'mapiri, amene ana ao anafa pa nkhondo, anadziona ngati oiwalidwa. M'caka ca 1957 a El Khatib pamodzi ndi a Mahjoubi Aherdane anayambitsa cipani ca Mouvement Populaire kuti cilankhulire anthu a kumidzi. M'caka ca 1958 onse awiri anatsekeredwa m'ndende kwa kanthawi, atafukula mtembo wa mnzao wa pa nkhondo, a Abbas Messaadi, amene anaphedwa mu 1956, kuti akauike m'mapiri a Rif pakati pa anthu amene anawatsogolera. Motero dokotalayu anadziwa ndende ya Boma la ufulu limene iye mwini analimenyera.

BWENZI LA OMENYERA UFULU A KUMWERA

Mu Januwale 1961 Mfumu Mohammed V inaitanitsa msonkhano ku Casablanca, kumene kunafika a Kwame Nkrumah a ku Ghana, a Sékou Touré a ku Guinea, a Modibo Keïta a ku Mali, a Gamal Abdel Nasser a ku Egypt, ndi atsogoleri a Boma la omenyera ufulu a ku Algeria. Mfumuyi inamwalira mu Febuluwale caka comweco, ndipo mwana wake, Hassan II, analowa ufumu. M'Boma la Mfumu yatsopano a El Khatib anakhala Nduna yoona za maiko a mu Africa, ndipo ofesi yao ku Rabat inakhala khomo limene omenyera ufulu ocokera kutali anali kugogodapo.

Mu Epulo 1961 zipani zolimbana ndi utsamunda wa Apwitikizi ku Angola, Mozambique, Guinea-Bissau ndi kwina zinakumana ku Casablanca nizipanga bungwe limodzi lochedwa CONCP, limene likulu lake linaikidwa ku Rabat, ndipo mlembi wake wamkulu anali a Marcelino dos Santos a ku Mozambique. Mu Malici 1962 a Nelson Mandela, amene anaturuka mobisa mu South Africa kukafuna thandizo la gulu la Umkhonto we Sizwe, anafika ku Morocco, nakaona misasa ya asilikali a Algeria ku Oujda. Atabwerera kwao anamangidwa mu Ogasiti caka comweco. Patapita zaka zoposa makumi atatu, atakhala Mtsogoleri wa dziko lao, a Mandela anaimika a El Khatib pamaso pa khamu la anthu, nafotokoza mmene dokotalayu anawalandirira mu 1962 ndi kuwathandiza ndi ndalama. Ife a m'cigawo cino, amene tidziwa mtengo umene ufulu wa Mozambique, Angola ndi South Africa unagulidwa nao, tiyenera kulidziwa dzina limeneli.

PA MPANDO WA SIPIKALA

Mu Disembala 1962 anthu a ku Morocco anabvomereza Malamulo Aakulu a Dziko oyamba, amene anakhazikitsa Nyumba ziwiri za Malamulo. Cisankho ca aphungu cinacitika pa 17 Meyi 1963. Pa mipando 144 ya Nyumba ya Oimira Anthu, mgwirizano wa zipani zokonda Mfumu wochedwa FDIC, umene cipani ca a El Khatib cinalowamo, unapeza 69. Cipani ca Istiqlal cinapeza 41, cipani ca UNFP cinapeza 28, ndipo mipando 6 inapita kwa oima paokha. Nyumba itatsegulidwa mu Novembala 1963, aphungu anasankha a El Khatib kukhala mtsogoleri wao. Kumeneko amamuchula kuti Pulezidenti wa Nyumba, pamene ife timati Sipikala.

Aliyense wodziwa kuwerenga aona kuti mpando umenewu unali wa minga. Zipani ziwiri zotsutsa pamodzi zinali ndi aphungu 69, cimodzimodzi ndi a mbali ya Boma. Kuonjezera apo, mu Julayi 1963 Boma linamanga atsogoleri ambiri a UNFP, ena mwa iwo aphungu osankhidwa, powaimba mlandu wofuna kugwetsa Mfumu, kotero kuti otsutsa analowa m'Nyumba ndi mitima yowawa. Mu Juni 1964 aphungu a UNFP anabweretsa pempho lakuti Nyumba inene kuti yataya cikhulupiriro mwa Boma la Nduna Yaikulu a Ahmed Bahnini. Pempholo linakambidwa poyera, Nduna zinayankha, aphungu anaponya voti, ndipo Boma linapulumuka. Kwa anthu amene anakhala zaka 44 pansi pa atsamunda, kuona Nduna ikufunsidwa mafunso ndi munthu wosankhidwa ndi anthu wamba cinali cinthu catsopano.

Ena anati Nyumbayo inali ya phokoso, yocedwetsa nchito, yodzala ndi mikangano ya zipani, ndipo mbali ya Boma yeniyeniyo inali yogawanika. Zimenezi n'zoona. Koma Nyumba ya Malamulo imene yangobadwa kumene iri ngati mwana wophunzira kuyenda, ndipo palibe kholo limene limamanga mwana miyendo cifukwa cakuti wagwa kawiri.

TSIKU LA 7 JUNI 1965

Mu Malici 1965 Unduna wa Maphunziro unaturutsa lamulo loletsa ana a sukulu opitirira zaka 17 kulowa m'makalasi apamwamba a sekondale. M'dziko limene ana ambiri anayamba sukulu mocedwa cifukwa atsamunda sanawamangire masukulu, lamuloli linali kutseka khomo pamaso pa zikwi za ana a amphawi. Ana a sukulu mu Casablanca anayenda m'miseu, ndipo pa 23 Malici makolo ao, malova ndi anthu a m'makomboni anawatsata. Asilikali motsogozedwa ndi General Mohamed Oufkir anawaombera, ndipo anthu ambiri anafa. Ciwerengero cimene Boma linalengeza ndi cimene otsutsa ananena zinasiyana kutali.

Pa 7 Juni 1965 Mfumu Hassan II inalengeza ulamuliro wa pa nthawi ya ngozi, inaimitsa Nyumba ya Malamulo, nitenga mphamvu zonse za Boma m'manja mwake. Inagwiritsa nchito ndime 35 ya Malamulo Aakulu a Dziko, imene inalola zimenezi pamene malire a dziko ali pa ngozi kapena pamene pacitika zinthu zolepheretsa mabungwe a Boma kuyenda, ndiponso Mfumu itayamba yafunsa atsogoleri a Nyumba ziwiri zija. A El Khatib, monga Sipikala, anakana kubvomereza. Anaima pa mfundo yakuti kutseka Nyumba kunali kusemphana ndi Malamulo amene anthu anawabvomereza, ndi kuti mabvuto a dziko anayenera kukambidwa m'Nyumba momwemo.

Tiyeni tione bwino amene anali kukanayo. Sanali mdani wa ufumu. Anamenya nkhondo kuti atate a Mfumuyi abwerere pa mpando, anatumikira monga Nduna, ndipo anakhala wokhulupirika ku ufumu mpaka imfa yake. Akanabvomera, udindo wina wapamwamba ukanamudikira. Pokana anataya mpando, anasemphana ndi mnzake wakale a Aherdane amene anatsalira m'Boma, ndipo mu 1967 anayambitsa cipani cake caching'ono cochedwa MPDC, cimene m'dzina lake anaikamo mau akuti demokalase ndi Malamulo a Dziko. Kwa zaka zambiri cipanico cinalibe mphamvu, ndipo mwini wake anakhala kunja kwa Boma.

Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mtsogoleri aliyense ali ndi anthu ambiri omuombera m'manja, ndipo ali ndi adani amene amatsutsa ciriconse cimene acita. Mau a magulu awiriwa sathandiza kwenikweni, cifukwa amadziwika asanalankhulidwe. Wosowa ndi munthu amene kukhulupirika kwake sikukayikitsa, koma amene angathe kunena kuti apa mwalakwa. Sipikala ndiye woyenera kukhala munthu wotere koposa onse, pakuti iye sasunga mpando wa cipani cake. Amasunga ufulu wa phungu aliyense kulankhula, ndipo kupyolera mwa phunguyo amasunga mau a anthu a kumudzi amene anamtuma. Sipikala amene abvomera kuti Nyumba itsekedwe wapereka cinthu cimene si cake.

Nchito ya udokotala nayo iri ndi phunziro pano. Dokotala wa opaleshoni adziwa kuti cotupa cimene ciri ndi mafinya sicicira pocimanga nsaru kuti cisaoneke. Cimafunika kutsegulidwa ndi kutsukidwa, ngakhale wodwala alire. Zimene zinacitika mu Casablanca mu Malici 1965 zinasonyeza kuti dziko linali kudwala umphawi, ulova ndi kusowa kwa masukulu. Nyumba ya Malamulo, ndi phokoso lake lonse, ndiyo inali malo okha amene matendawo akanachulidwa maina ao popanda munthu kuomberedwa.

ZIMENE ZINATSATA

Alipo amene anganene kuti Mfumu inapulumutsa dziko ku cisokonezo, ndi kuti Morocco inakhalabe dziko limodzi pamene maiko ena anagwa m'manja mwa asilikali. Mau amenewa ayenera kumvedwa, koma tiyang'ane zimene zinatsata. Mu Okutobala 1965 mtsogoleri wa UNFP, a Mehdi Ben Barka, anabedwa mu mzinda wa Paris ndipo sanaonekenso. Ulamuliro wa pa nthawi ya ngozi unakhala zaka zisanu, mpaka 1970, ndipo Nyumba imene inabwera pambuyo pake inali yofooka, aphungu ake ambiri osasankhidwa mwacindunji ndi anthu, zipani zazikulu zotsutsa zitakana kutengako mbali. Pa 10 Julayi 1971 asilikali anaukira nyumba ya Mfumu ku Skhirat napha anthu ambiri. Pa 16 Ogasiti 1972 ndege zankhondo za dziko lomwelo zinaombera ndege imene Mfumu inakwera, ndipo amene anachulidwa kuti anakonza ciwembuco anali General Oufkir yemwe uja. Ndale zitacotsedwa m'Nyumba ya Malamulo zinakalowa m'misasa ya asilikali, ndipo ngozi yaikulu kwa Mfumu inacokera kwa anthu amene sanaitsutsepo poyera.

Dziko la Morocco lenilenilo linadzabvomereza phunziroli. Malamulo Aakulu a Dziko a m'caka ca 1992 analemba kuti ulamuliro wa pa nthawi ya ngozi suthetsa Nyumba ya Malamulo, ndipo a m'caka ca 2011 anabwereza mfundo yomweyo. M'caka ca 2004 Mfumu Mohammed VI inakhazikitsa bungwe lofufuza nkhanza zimene zinacitika pakati pa 1956 ndi 1999, ndipo ozunzidwa anafotokoza masautso ao poyera. Cimene Sipikala anacinena mu 1965 cinadzalembedwa m'buku la malamulo a dziko.

Sitikunena kuti a El Khatib analibe colakwa. Owatsutsa amakumbutsa kuti cipani cao coyamba cinathandiza nyumba ya Mfumu kufooketsa Istiqlal, ndi kuti iwo anakhala pa mpando wa Sipikala pamene aphungu anzao a UNFP anali kuzengedwa milandu. Amati munthu amene anathandiza kukulitsa mphamvu za Mfumu sanayenera kudabwa pamene mphamvuzo zinatembenukira Nyumba yake. Mau amenewa ali ndi coonadi. Koma ambiri amene anayenda nao njira imeneyo anapitirira nayo osaima, pamene iwo anafika pa malire naima.

KHOMO LOTSEGULIDWA MU UKALAMBA

Nchito yao yomaliza inaturuka mu mtima womwewo. M'zaka za m'ma 1990 munali magulu a acinyamata ophunzira amene anafuna kuti ndale ziyendere mfundo za Cisilamu, koma Boma linawakaniza kulembetsa cipani cao. Ku Algeria, dziko la atate ao a El Khatib, asilikali anaimitsa cisankho mu Januwale 1992 pamene cipani ca Cisilamu cinali pafupi kupambana, ndipo dzikolo linagwa m'nkhondo yapaciweniweni ya zaka zambiri. M'caka ca 1996 nkhalambayi inatsegula cipani cake ca MPDC kuti acinyamatawo alowemo, pa mfundo yakuti alemekeze ufumu, akane ciwawa, ndi kutsata malamulo a dziko. Pa cisankho ca 1997 anapeza mipando 9. M'caka ca 1998 cipanico cinasintha dzina kukhala PJD, ndiko kuti Cipani ca Cilungamo ndi Citukuko, ndipo a El Khatib anacitsogolera mpaka 2004.

Iwo anamwalira ku Rabat mu Sepitembala 2008, ali ndi zaka 87. Patapita zaka zitatu, mu 2011, PJD inapeza mipando 107 pa mipando 395, ndipo a Abdelilah Benkirane anakhala mtsogoleri wa Boma. Mu 2016 inapeza 125. Mu 2021 anthu anaiweruza pa nchito zake naisiyira mipando 13 yokha, ndipo inacoka m'Boma mwamtendere. Munthu angakonde mfundo za cipanico kapena kudana nazo, koma cinalowa ndi voti nicituruka ndi voti, ndipo palibe mwazi umene unakhetsedwa pa kusinthako.

Kwa aphungu, a Sipikala, makhansala ndi onse amene anthu awapatsa mpando, moyo wa dokotala ameneyu ukunena momveka. Kukonda dziko ndi kulemekeza atsogoleri ake ndi udindo wa nzika iriyonse, ndipo a El Khatib anaukwaniritsa ndi mfuti, ndi mpeni wa m'cipatala, ndi cholembera ca Nduna. Koma mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo ukhale wa Mfumu. Nyumba ya Malamulo iripo kuti denga la dziko lisenzedwe ndi ambiri, ndipo amene waikidwa kuisunga ayenera kukhala wokonzeka kutaya mpando wake pa tsiku limene wina afuna kuitseka. Acinyamata athu amene ali m'masukulu lero, ena a iwo madokotala ndi aphungu a mawa, aphunzire dzina la Abdelkrim El Khatib ndi caka ca 1965.